Njira zophunzitsira zojambula ndi dizaini ku sekondale: iti imathandiza mwana amene akuti "sinditha"?

Mwana wa zaka 6 mukamupatsa pensulo ndi pepala safunsa kuti ajambule chiyani, amangoyambapo. Mwana yemweyo akafika zaka 13 kapena 14 amalipenyetsetsa pepalalo, n'kujambula kadiso kamodzi pakona, n'kukafufuta mpaka pepala kubooka, kenako n'kulengeza kuti iye kujambula satha. Viktor Lowenfeld, amene mu 1947 anafotokoza mmene zojambula za ana zimasinthira akamakula, anaonetsa kuti pa msinkhu umenewu mwana amayamba kuweruza ntchito yake yomwe. Waona tsopano kuti munthu ali ndi khosi ndi zigongono, kuti msewu umaoneka ngati ukuchepa ukamapita kutali, koma dzanja lake likadali kuchita zomwe linkachita ali ku pulayimale. Manyazi amamugwira, ndipo ambiri amasiyira pomwepo osadzabwererakonso.

Mphunzitsi wa ku sekondale amalandira ana pa nthawi yovutayi. Ndiye njira iliyonse ine ndimaiyesa ndi funso limodzi: imamuchitira chiyani uyu wati satha? Aja awiri atatu obadwa nalo luso, amene sasowa m'kalasi iliyonse, adzajambula basi, muwaphunzitse bwino kapena ayi. Ubwino wa njira umaonekera pa enawo.

Kuphunzitsa diso

Njira yakale kuposa zonse ndi yoika chinthu patebulo, ophunzira n'kumajambula chomwe akuona, mphunzitsi akuzungulira n'kumawongolera. M'masukulu a zaluso a ku Ulaya a zaka za m'ma 1800 wophunzira ankayamba ndi kukopera zithunzi zosindikizidwa, n'kupita ku ziboliboli za pulasitala, ndipo munthu wamoyo ankamujambula pamapeto penipeni. Zithunzi zophunzirira zimene Charles Bargue anakonza mothandizana ndi Jean-Léon Gérôme ku Paris m'zaka za m'ma 1860 zinafala kwambiri, moti Vincent van Gogh, mmisiri wojambula wa ku Netherlands amene anadzatchuka dziko lonse, anazikopera mobwerezabwereza pamene ankadziphunzitsa yekha mu 1880 ndi 1881. Amene amati kukopera kumapha luso ayambe atifotokozera za bambo ameneyu.

Chomwe njirayi imakonza mungachione ndi kapu wamba. Iikeni patebulo, muwauze ajambule. Ambiri ajambula kukamwa kwake kozungulira bwinobwino ngati akuisuzumira ali pamwamba, pansi pake n'kudula mzere wowongoka. Kuganiza kwawo sikunalakwe: akudziwa kuti kukamwa n'kozungulira, akudziwanso kuti kapu imakhazikika pamalo osalala. Vuto n'lakuti ajambula zomwe akudziwa m'malo mwa zomwe akuona. Auzeni atambasule mkono pensulo ili m'manja, atsinzine diso limodzi, ayeze ndi chala chachikulu mpata wa pakati pa mlomo wakutsogolo ndi wakumbuyo, kenako ayeze m'lifupi mwa kapuyo. Apeza kuti mpata woyambawo ndi waung'ono kwambiri, kukamwa kuja n'kophwatalala. Ena amayezanso kachiwiri posakhulupirira. Zochita zina za mtundu womwewu ndi kujambula mipata ya pakati pa miyendo ya mpando mpandowo n'kuusiya, kukopera chithunzi atachizondotsa, ndi kujambula dzanja lako osayang'ana papepala n'kamodzi komwe. Zonsezi cholinga chake n'chimodzi: kuchedwetsa mutu kuti usathamangire kutchula dzina la chinthu diso lisanamalize ntchito yake. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa mwana amene wataya mtima, palibe njira ina yobweza msanga chonchi. Chithunzi cha sabata yoyamba mukachiika pambali pa cha mwezi wotsatira, kusiyana amakuona yekha popanda womuuza, ndipo umboni wotere umamulimbitsa kuposa kamawu kaja ka aphunzitsi kakuti "wayesetsa". Zipangizo zake ndi pensulo, makala, labala ndi pepala. Kuchonga kwake n'kosavuta.

Koma kusavuta kuchongako ndiwo msampha wake. Teremu imatha ana akungoika mithunzi pa makapu ndi mabotolo, khoma la kalasi n'kudzaza zithunzi zofanana, wokopera bwino n'kumatengedwa ngati waluso kuposa onse. Zikafika poti aliyense akukopera nkhope ya munthu wotchuka pa foni, atailemba timabokosi, dziwani kuti diso lasiya kuphunzira, chifukwa kamera inaphwatalalitsa kale chilichonse ndipo ntchito yovuta ija inaigwira ndi iyo. Mwana woteroyo muuzeni ajambule za m'mutu mwake, angoti kakasi. China n'chakuti mphunzitsi wodziwa kujambula dzanja limamuyabwa: amalanda pensulo n'kukonza mphuno pa pepala la mwana. Chithunzicho chimakongola ndithu, koma mwana waphunzirapo kuti mphuno amajambula ndi aphunzitsi. Muonetseni pa kapepala kena, kapepalako mumusiyire pambali.

Kumusiya achite zake

Njira yotsutsana nayo inayamba ngati kugalukira masukulu aja. Franz Cižek anatsegula kalasi ya ana ku Vienna mu 1897, ndipo chiphunzitso chake chinali chakuti mwana ali kale ndi luso lake, wamkulu asamulowerere. Herbert Read ku England ndi Lowenfeld ku America anafalitsa maganizo oyandikana nawo m'zaka za m'ma 1940. Pa ana aang'ono anali ndi mfundo. Ku sekondale nkhani imasintha. Mukalowa m'kalasi ya chaka choyamba n'kunena kuti aliyense ajambule chomwe akufuna, mulandira mitima yolasidwa ndi muvi, dzina la mwini m'zilembo zonenepa, baji ya timu ya mpira, ndi nyumba ili ndi dzuwa pakona. Mwana amene sanapatsidwe luso latsopano amathawira ku chomwe akudziwa kuti sangasekedwe nacho. Ufulu woterowo umakomera aluso awiri atatu aja basi.

Mkangano umenewu unaonekera bwino ku Nigeria. Aina Onabolu, atabwerako kophunzira ku London ndi ku Paris mu 1922, ankaphunzitsa m'masukulu a sekondale a ku Lagos malamulo oonetsera kutali ndi pafupi papepala, mithunzi, ndi kapangidwe ka thupi la munthu, pofuna kuonetsa kuti munthu wa mu Africa angathe zimenezi monga wina aliyense. Kenneth Murray, Mngelezi amene anafika mu 1927, ankaona mosiyana: ankafuna ophunzira azijambula moyo wa kwawo ndi kutengera luso la makolo awo, osawadzaza malamulo a ku Ulaya. Ben Enwonwu, wophunzira wa Murray, anadzakhala mmodzi mwa amisiri otchuka kwambiri mu Africa, ngakhale iyenso anakapitiriza maphunziro kusukulu ya zaluso ya Slade ku London. Chondikhudza ine pa nkhaniyi n'chakuti amene ankati akuteteza ana ku malamulo ndiye anali kuwasankhira chomwe asaphunzire. Mu 1958 ophunzira a koleji ya ku Zaria, mwa iwo Uche Okeke, Demas Nwoko ndi Bruce Onobrakpeya, anapanga gulu lawo n'kukana kutenga mbali. Luso la kusukulu analiphatikiza ndi la kwawo, monga Okeke anachitira ndi mizere ya uli, zojambula za makolo za anthu a mtundu wa Igbo.

Masiku ano njirayi ili ndi mtundu wina wolongosoka, umene aphunzitsi a ku Massachusetts ku America anautcha Teaching for Artistic Behavior. Chipinda chimagawidwa malo angapo, apa pojambulira, apo popentera, uko koumbira. Mphunzitsi amaonetsa kaluso kamodzi kwa mphindi zochepa poyamba, kenako aliyense amasankha kokagwira ndi chokapanga. Uku si kulekerera ana, koma kumafuna zambiri: malo osungira ntchito zosatha za mitundumitundu, zipangizo zoti mwana angatenge ndi kubweza yekha, ndi mphunzitsi wotha kukumbukira pomwe aliyense wafika. Ndi ana 20 zimatheka. Ndi ana 60 m'chipinda chobwereka, wa masamu akudikira pakhomo, musadzivutitse.

Malire opanikiza: za ku Bauhaus

Pakati pa ziwirizi pali njira imene ine ndimaikonda kuposa zonse poyambira. Sukulu ya Bauhaus, imene Walter Gropius anatsegula ku Weimar ku Germany mu 1919 n'kudzatsekedwa mu 1933, inkadutsitsa wophunzira aliyense m'maphunziro oyambirira asanasankhe ntchito ya matabwa, nsalu kapena zitsulo. Anayambitsa maphunzirowo ndi Johannes Itten, ndipo kuyambira 1923 anawatenga László Moholy-Nagy ndi Josef Albers. Albers ankapatsa ophunzira mapepala wamba, ngakhale nyuzipepala, n'kuwauza apange kanthu popinda ndi kudula, osadalira guluu, osatayanso zidutswa. Chithunzi chokongola analibe nacho ntchito. Ankafuna munthu adziwe chomwe pepala lingathe: kuliimika lili lotambasuka limagwa, koma mukalipinda mwamakwinya limaima, mpaka kunyamula buku pamwamba.

Atasamukira ku America, ku Black Mountain College kenako ku Yale, Albers anachita chimodzimodzi ndi mitundu. Yesani ichi: dulani tizidutswa tiwiri tofanana pa pepala limodzi lotuwa, kena muike pakati pa pepala lachikasu lowala, kena pa labuluu loderapo. Ana alimbikira ndithu kuti tizidutswato si tamtundu umodzi, mpaka mutatichotsa n'kutiika moyandikana. Pa mphindi khumi aphunzira kuti mtundu umasintha malinga ndi womwe wayandikana nawo, chinthu chimene notsi za pabolodi sizingamulowetse munthu m'mutu.

Mphamvu ya njirayi ndi yakuti amene "satha kujambula" amafanana mphamvu ndi katswiri wa kalasi, ndipo nthawi zina woimika pepala lalitali kuposa onse amakhala uja wosayankhula wa kumbuyo. Lamulo lopanikiza, loti pepala limodzi, sizasi, guluu ayi, limachotsa mantha amene pepala loyera limabweretsa, komabe aliyense amatulutsa yankho lake.

Kuipa kwake n'kwakuti ikagwa m'manja aulesi imasanduka ndandanda. Sabata ino mzere, yamawa maonekedwe, inayo gudumu la mitundu (chithunzi chozungulira choonetsa kusakaniza kwa mitundu), chaka chamawa gudumu lomwelo. Ana amangodzaza timabokosi osadziwa komwe akupita. Kumbukirani kuti ku Bauhaus anali akuluakulu odzisankhira okha ntchitoyi, odziwa kuti kutsogolo kukuwadikira ukalipentala kapena kuwomba nsalu. Wa zaka 13 amafuna aone msanga chomwe kantchito kakang'onoko kakubala. Za gudumu lija ndinenepo pang'ono. Ana amauzidwa kuti chofiira ndi buluu zimapanga pepo, amasakaniza, n'kutuluka matope. Si kulakwa kwawo. Penti wofiira wa m'mabokosi a kusukulu nthawi zambiri amapendekera ku olenji, ndiye muli kale kachikasu kamene kamadetsa zonse. Mtundu wa pepo wowala umatuluka ndi magenta, chofiira chopendekera ku pinki, ndipo si pachabe kuti makina osindikizira amadalira cyan (buluu wowala), magenta ndi chikasu.

Kuwapatsa vuto loti athetse

Apa ndiye pali dizaini yeniyeni. M'malo monena kuti "jambulani", mumanena kuti pali munthu wakuti, ali ndi vuto lakuti, mupangireni chinthu. Bungwe la Design Council la ku Britain linafotokoza kayendedwe ka ntchito yotere mu 2004 ndi chithunzi chimene linachitcha Double Diamond: kufufuza mofutukula, kusankha vuto lenileni, kuyesa mayankho ambiri, kenako kumaliza limodzi. Chofunika pamenepo n'chakuti munthu amafutukula kaye asanasankhe, ndipo amatero kawiri.

Tengani ntchito ya chikwangwani cholozera kulaibulale, choti mlendo achiwerenge akuyenda ali pa mtunda wa mamita 15. Zikwangwani zikatha, zipachikeni kumapeto kwa khonde, muitane ana a kalasi ina adzawerenge. Chija chinali ndi maluwa m'mbali ndi zilembo zopotanapotana zamitundu isanu sichikuwerengeka. Chija cha zilembo zakuda zonenepa pa pepala loyera, chimene mwini wake ankachita nacho manyazi, chikuwerengeka bwino lomwe. Waweruza ndi khondelo, mphunzitsi sanatsegule pakamwa. Chimodzimodzi ndi bokosi la katoni loteteza babu: mumaliponya pansi, babulo n'kunena lokha. Mwana amene sakhulupirira kuti zojambula zili ndi ntchito njirayi imamukoka, chifukwa amazindikira kuti mpando, paketi, chizindikiro cha kampani ndi zimene zimaoneka pa foni, zonsezi wina anakhala pansi n'kuzilingalira.

Chinyengo chake aphunzitsi onse akuchidziwa. Mwana amapanga ganizo loyamba limene lamubwerera, n'kumaliza, kenako usiku wotsiriza n'kujambula "maganizo ena atatu" oipa dala kuti aoneke ngati anachita kusankha. Mankhwala ake ndi kuchititsa kufutukulako m'kalasi momwemo inu mukuona: tizithunzi 20 tosaposa chikhatho pa mphindi 15, popanda labala, tsiku lilembedwe pamwamba. Toyambirira timafanana ndi ta mnzake wa pambali. Tabwino timayamba kutuluka zodziwika kale zikatha m'mutu. Ntchito ya m'magulu samalani nayo, chifukwa wodziwa kujambula amapatsidwa pensulo, enawo n'kusanduka oonerera.

Kuyang'ana ntchito za ena, ndi za kompyuta

M'zaka za m'ma 1980 bungwe la Getty ku Los Angeles linalimbikitsa kuti zaluso ziziphunzitsidwa ngati phunziro lathunthu la mbali zinayi: kupanga, mbiri, kuunika ntchito, ndi kulingalira chomwe chimachititsa chinthu kukhala chaluso. Ganizolo linali labwino, koma nthawi ikachepa mbali zitatuzo zimadya ya kupanga, ana n'kumaloweza zaka zobadwa za amisiri. Chimene ndingatengeko ku mbali imeneyi ndi mafunso atatu a Abigail Housen ndi Philip Yenawine, akatswiri a ku America ophunzitsa kuyang'ana zithunzi: chikuchitika n'chiyani pachithunzichi, waona chiyani chokunenetsa zimenezo, tingapezenso chiyani. Mphindi khumi poyamba piriyodi, chithunzi chimodzi, mphunzitsi osapereka yankho. Funso lachiwirilo likazolowereka limathandizanso pounika zojambula za anzawo, ndipo zija zongoti "n'zabwino" kapena "n'zonyasa" zimatha.

Kompyuta ndi chipangizo chabe, imalowa mu iliyonse mwa njirazi. Krita yopentera, Inkscape ya zizindikiro ndi zilembo, Blender ya zinthu zooneka mbali zonse, onsewa ndi mapulogalamu aulere. Batani lobwezera m'mbuyo limachotsa mantha olakwitsa, limachotsanso chizolowezi choganiza usanadule. Pokonza zilembo ndi masamba kompyuta ndi yofunika ndithu. Pophunzitsa diso pensulo ikwanira.

Nanga musankhe iti?

Yambani mwaona mmene ana anu adzayesedwere. Pa mayeso a zaluso a GCSE, amene ana a sekondale amalemba ku England, malikisi 60 pa 100 amachokera ku ntchito zimene wophunzira wasonkhanitsa m'kati mwa maphunziro, 40 otsalawo ku mutu umene oyesa amapereka, womalizidwa m'maola 10 pamaso pa woyang'anira. Mwa zinthu zinayi zimene amachonga, chimodzi chokha ndicho chokhudza ntchito yomalizidwa; zinazo ndi kukulitsa ganizo, kuyesa zipangizo, ndi kusunga papepala zomwe waona. Kumene mayeso ali otere, buku lojambulamo ndilo chuma cha mwana. Kumene mayeso ali oti jambulani chili patebulopo m'maola akuti, kumumana mwana maphunziro a diso n'kumulakwira, kaya inu mumakhulupirira zotani. Komanso popeza tsopano kuli mapulogalamu otulutsa chithunzi chathunthu munthu atangolemba chiganizo chimodzi, bukulo, ndi masiku ake ndi zofufutafufuta zake, ndilo umboni wodalirika kuti ntchito ndi ya mwanayo.

Kupatula mayeso, nkhani yaikulu ndi ya chiti chiyambe. M'zaka ziwiri zoyambirira ine ndingasinthanitse ntchito zopanikiza za mtundu wa Albers ndi maphunziro a diso, iliyonse ikathere pa kanthu kooneka: mipata ya mpando ija isanduke chidindo chosema pa labala kapena chodula pa katoni, mapepala opinda aja asanduke chophimba nyale. Vuto la dizaini lizilowa kamodzi pa teremu. Kudzisankhira chopanga kudikire zaka zomaliza, pamene mwana ali ndi maluso oti asankhepo, ndipo ngakhale pamenepo mutu ukhale ndi malire, monga "pakhomo" kapena "zosweka", osati "chilichonse".

Dziyeseninso inu eni ake. Mphunzitsi amene kujambula kumamuvuta, ndipo alipo ambiri amene anapatsidwa phunziroli chifukwa panalibe wina, asadzikakamize kukhala Bargue pabolodi. Ntchito za pepala, za mitundu ndi za dizaini angaziyendetse bwino, ndipo kuyeza ndi pensulo angakuphunzire limodzi ndi ana, osabisa. Katswiri wojambula ndiye asamale kwambiri, kuopa kutulutsa kalasi yonse yojambula ngati iye.

Nthawi nayo imalamula. Pa piriyodi ya mphindi 40, mukachotsapo kugawa zipangizo ndi kutsuka mabulashi, kupenta kwenikweni kumatsala ndi theka lokha, choncho ntchito zonyowa zisungireni mapiriyodi ophatikiza, ndipo ngati mulibe kapempheni kwa okonza ndandanda ya maphunziro teremu isanayambe. Pa piriyodi imodzi gwirani za pensulo, makala, sizasi ndi pepala, zimene mwana angazisiye belu likalira n'kudzapitiriza sabata yamawa pomwe analekezera.